Mitengo Imene Agogo Anadulira Msewu

Agogo aamuna akabwera m'maganizo mwanga, chimene chimayamba kufika ndi fungo la makoko a manachesi, fungo lija lotuluka munthu akangolowetsa chikhadabo m'khoko, timadzi take n'kukuthovukira m'maso. Linkakhala m'zala zawo, m'jekete lawo lakale la khaki, ngakhale pa mpini wa khasu lawo, ndipo linkasakanikirana ndi utsi wa udzu wauwisi umene ankafukiza pansi pa mitengo m'mawa uliwonse nyengo ya zipatso ikayandikira, ati kuthamangitsa ntchentche zoboola manachesi. Kaya ntchentchezo zinkathawadi, sindikudziwa. Amene tinkathawa ndife ana, tikutsokomola misozi ili mbwee, iwo atakhala phee pa mwala akunola chikwanje ndi tupa, ngati kuti utsiwo ukuwalambalala.

Dzina lawo anali a Filimoni. Mudzi wathu uli m'mapiri a Neno, kumtunda kwa Nsambe, kumene galimoto imayandikira ikafuna, ndipo nthawi zambiri sifuna. Pa ubwana wanga lole inkathera pa mtsinje, kumunsi, ulendo wa maola awiri kwa munthu wopanda katundu. Kuchokera pamtsinjepo kukwera kwathu kunali kanjira ka miyala kokhotakhota, koti anthu awiri akakumana wina ankapatukira m'tchire kuti mnzake adutse. Mchere, sopo, feteleza, malata, zonse zinkakwera pamutu. Mbatata, nyemba ndi zipatso zinkatsika pamutu. Odwala ankatsika pa machila, ndipo sitinkaona chachilendo, chifukwa tinabadwa zili choncho.

Agogo sanali a m'mudzi mwathu. Anachokera cha ku Mwanza kudzakwatira agogo aakazi, aNaphiri, ndipo monga mwa mwambo wathu anakhala chikamwini pa malo a akazi awo. Kwathu mkamwini ankalima chimanga, nyemba ndi mbatata, zinthu zoti akolola chaka chomwecho, koma mitengo sankabzala. Ankadziwa kuti banja likatha, kapena mkazi akamwalira, anyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo, mitengo n'kutsalira eni nthaka. Agogo anachita zawozawo. Chaka chachiwiri cha ukwati wawo anapita kwawo n'kubwerako atasenza dengu la mbande za manachesi, zisanu ndi zitatu, ndipo anazibzala mumzere m'mbali mwa kanjira kodutsa kumunsi kwa nyumba.

Anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri ndi a Dayisoni, achimwene awo a agogo aakazi, omwe anali mwinimbumba ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Nkhaniyi amayi ankakonda kutisimbira, ngakhale kuti iwo eni anali asanabadwe pamene inkachitika.

"Alamu, mukutibzalira ife, eti? Tathokoza," anatero a Dayisoni.

"Ndikubzalira amene adzadye," anayankha agogo, osadzutsa mutu.

Pamene ine ndinkabadwa mitengo inali itakwana makumi awiri. Khumi ndi iwiri inali kumtunda kwa nyumba, koma isanu ndi itatu yoyambayo ndiyo inali ikuluikulu, yotambalala, yoti anthu ochokera kumtsinje ankatula katundu pamthunzi pake n'kupempha madzi. Mitengo imeneyi ndiyo inapatsa agogo mawu m'mudzi wa eni ake. Pabwalo pakakhala nkhani, akamwini ena ankakhala kumbuyo n'kumangogwedeza mitu, koma a Filimoni ankafunsidwa maganizo, popeza palibe nyumba imene mwana wake sanadyepo nachesi wawo.

Ine ankanditchula kuti akazi awo aang'ono, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo aakazi, ndipo nachesi woyamba kusintha mtundu ankathyolera ine. "Akazi anga aang'ono, talawani mutiuze ngati chaka chino tidya kapena tigona ndi njala," ankatero. Ndikakwinya nkhope chifukwa cha kuwawasa, ankaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza agogo aakazi kuti mkazi mnzawo ndi wovuta kusangalatsa. Agogo aakazi ankangoti, "Mutengeni ameneyo, akuphikireni tione."

Zipatso zinali zambiri, koma phindu lake linkathera panjira. Ogula ankakwera manachesi akadali obiriwira, n'kugula onse ali mumtengo momwemo. Kwa ife kunkabwera mayi wina wamfupi wa ku Zalewa, amene dzina lake sitinkalidziwa, tinkangoti a Zalewa. Ankafika ali wefuwefu, nsapato zili m'manja, n'kuzungulira mtengo uliwonse akuyang'ana m'mwamba, kenako n'kutchula kandalama koti agogo ankayamba kaye ayang'ana kumbali. Akati akane, a Zalewa ankafunsa funso limodzi lomwelo chaka ndi chaka: "Nanga bambo, musenza nokha mpaka kumtsinje?" Agogo ankangolandira kandalamako. Zipatso zikapsa ankabwera ndi anthu awo a madengu, n'kukolola mitengo yonse masiku awiri, ife eni ake tikuonerera. Mayiyu sanali woipa mtima. Nayenso ankalipira osenza, ankalipira lole, ndipo lole ikafera panjira manachesi ankamuwolera iyeyo. Koma agogo zinkawawawa kuona zipatso zawo zikutsika phiri zili za munthu wina.

Kuti mumvetse chimene agogo anadzachita, muyenera kudziwa mmene chitukuko chinkafikira kwathu. Sichinkabwera chokha. Pamene tinkafuna chipinda chophunziriramo, akuluakulu ochokera ku boma anati tiumbe njerwa, tiwotche, titute mchenga ndi miyala, iwo abweretsa simenti ndi malata. Mudzi wonse unaumba, agogo ali patsogolo ndi chikombole chawo, ndipo simenti ndi malata zinabweradi mpaka pamtsinje, ife n'kuzikweza pamutu. Nyumba ya aphunzitsi inamangidwa chimodzimodzi. Choncho munthu wa kwathu ankadziwa ndondomeko yake: mumayamba ndinu, eni zipangizo amabwera pambuyo, ndipo mudzi umene wachita ulesi amaudumpha. Agogo anali ndi mawu awo amene ankanena pa ntchito iliyonse yotere, mpaka ana tinawaloweza: "Tiyambe ife, atipeze tili pakati."

Ndili mu Sitandade 4, mvula ikupita kumapeto, kunabwera amuna atatu ovala majekete owala ndi zipewa zolimba. Anali ndi makina a miyendo itatu oyang'aniramo ndi diso limodzi, thumba la zikhomo ndi chitini cha penti yofiira. Anayambira kumtsinje kukwera, akukhoma zikhomo uku ndi uku, ana tonse tili pambuyo pawo ngati anyamula shuga. Atafika kumunsi kwa nyumba yathu anayeza, anakambirana, kenako wamng'ono mwa iwo analemba mtanda wofiira pa thunthu la mtengo uliwonse mwa isanu ndi itatu ija. Agogo anawayalira mphasa, agogo aakazi anabweretsa thobwa, ndipo alendowo atamwa, agogo anafunsa.

"Kodi ana anga, mtandawu ukutanthauza chiyani?"

"Pakati pa msewu padutsa pamenepa, bambo. Mitengoyi ili mumsewu," anayankha wa penti uja.

"Msewu wake wa galimoto?"

"Ngakhale lole."

"Liti?"

"Ife ntchito yathu ndi kuyeza basi. Koma akuti mvula ikangotha makina ayamba. Chachikulu n'choti njira ikhale yoyera. Kumene anthu amavuta, makina amachedwa."

Mnyamatayo ananena zimenezi akupukuta thobwa pakamwa, ndipo lero ndimaganiza kuti ankangotanthauza kuti anthu asadzayambitse mikangano kapena kumanga nyumba pakati pa zikhomo. Koma agogo anamva chimene munthu aliyense wa kwathu akanamva. Kwathu akati njira ikhale yoyera ndiye kuti mwapatsidwa ntchito, mawa aliyense atuluke ndi khasu ndi chikwanje. Alendowo anatsazika n'kupitiriza kukhoma zikhomo zawo mpaka kuseri kwa phiri, ndipo sitinawaonenso.

Madzulo a tsikulo, tikusola nyemba pakhonde, agogo anati mitengoyo adula. Agogo aakazi anasiya kusola.

"Bambo a Rozi, katapila akubwerayo alibe mphamvu? Adzagwetse yekha," anatero. Rozi ndi amayi anga.

"Akadzapeza mitengo ili chiimire adzati kuno anthu ake ndi ovuta. Adzakhotera kwina."

"Ndiye dikirani tikolole kaye. Zipatso zadzaza chonchi, mudule?"

Pamenepo agogo anavomera kudikira. Koma a Zalewa atakwera monga mwa nthawi zonse, nsapato zili m'manja, agogo anakana kuwagulitsa ngakhale mtengo umodzi, wakumunsi kapena wakumtunda. Anati chaka chimenecho lole idzaima pakhomo, akweza okha manachesi awo n'kukagulitsa okha ku Zalewa, akaone ndi maso awo amene amadya zipatso zawo. A Zalewa anayang'ana zikhomo, anayang'ana agogo, n'kunena kuti, "Bambo, zikhomo ngati zimenezi ndinaziona kwina, mpaka lero zikadali zikhomo." Agogo anawapatsa madzi akumwa n'kuwaperekeza mwaulemu mpaka pokhota. Mayiyo anakagula kwa anthu ena.

Patapita milungu ingapo, kuzizira kutayamba, manachesi atangoyamba kuchita chikasu mbali imodzi, munthu wina wochokera kuchigayo anati waona katapila pamtsinje. Agogo sanafune za m'maluwa. Anavala jekete lawo n'kutsika okha kukaona. Anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wagulidwira nsapato, ndipo anatifotokozera kukula kwa mateyala ake, mtundu wake wachikasu, ndi mmene ankakankhira miyala yoti amuna khumi sangaisunthe. Anati makina otere sangathe sabata asanafike kwathu. Za kudikira kukolola sanazitchulenso.

M'mawa mwake kunali nkhungu. Ndinadzutsidwa ndi kulira kwa tupa, koma ulendo uno ankanola nkhwangwa. Nditatuluka ndinapeza agogo aakazi ataima pakhomo manja ali m'chiuno, amayi ali kumbuyo kwawo, ndipo a Dayisoni akubwera chothamanga, atamva kwa ana.

"Alamu, mitengo imeneyi ili pa nthaka yathu. Simungadule osatifunsa," anatero a Dayisoni.

"Nthaka ndi yanu, alamu, sindikukana. Koma mbande ndinasenza ndine. Ndipo msewuwu ukabwera, mbatata yanu ikwera nawo lole yomweyo."

A Dayisoni anatembenukira kwa mlongo wawo kuti awathandize. Tonse tinkadziwa kuti agogo aakazi sakufuna kuti mitengoyo igwe, ndipo mawu awo amodzi akanathetsa nkhaniyo, poti malo anali awo. Anayang'ana amuna awo, kenako anati, "Achimwene, asiyeni. Anabzala okha." Atatero analowa m'nyumba, ndipo anatha sabata yathunthu osawalankhula agogo, chakudya ankangotuma ine kukapereka.

Poyamba ine ndinasangalala, chifukwa mwana akaona chinthu chachikulu chikugwa amaona ngati masewera. Koma ndinaona agogo atafika pa mtengo woyamba, ataika nkhwangwa pansi, n'kugwira thunthu lake ndi chikhatho kwa nthawi ndithu, pamwamba penipeni pa mtanda wofiira uja, monga mmene ankagwirira pamphumi panga ndikadwala malungo. Kenako analavulira m'manja n'kuyamba. Mtengo wa nachesi ndi wolimba, nkhwangwa inkadumpha, ndipo kulira kwake kunkabwerera kuchokera kuphiri la kutsidya. Utagwa, manachesi anabalalika n'kumagubuduka kutsetsereka, ena kuphulika pamiyala, masamba akununkha kuposa tsiku lina lililonse, ndipo pamalo pamene panali mdima wa mthunzi panangoti mbee. Apo m'pamene ndinalira. Sindinkadziwa za misika kapena za misewu, ndinangomva chisoni kuona agogo akupha chinthu chimene ankachikonda.

Anadula masiku atatu. Kenako anatha milungu iwiri akukumba zitsa, poti anati lole singayende pa zitsa. Ana a m'mudzi monse tinadya manachesi osapsa mpaka mano kuchita dzanzi, ena kutsegula m'mimba, otsala tinapatsa nkhumba za a Dayisoni, zimene nazo zinafika pokana. Agogo anasalaza malowo kuyambira chikhomo ichi kufika chikhomo icho, anakumba ngalande m'mbali zonse ziwiri, ndipo pomaliza panali kachigawo ka msewu weniweni, kotalika ngati bwalo la mpira, kotakata koti malole awiri akanatha kupatukirana. Kumunsi kwake kunali kanjira ka miyala, kumtunda kwake kunali kanjira ka miyala.

Katapila uja anali atabwera kudzakonza powolokera pamene madzi anakumba. Anagwira masiku anayi n'kubwerera. Agogo atamva anati wapita kukamwa dizilo. Tinadikira. Manachesi a mitengo khumi ndi iwiri yakumtunda anapsa, anayamba kugwa okha, ogula onse anali atagula kale kwina. Mapeto ake tinasenza tokha, ine, amayi, agogo onse awiri, ulendo umodzi patsiku, kukaunjika pamtsinje kudikira lole imene inkabwera tsiku limene yafuna. Ambiri anawolera pomwepo, ntchentche zili ng'waa. Chaka chimenecho feteleza sitinagule, chimanga chinatuluka chonyozeka, ndipo mvula ya chaka chotsatira isanafike pakati amayi anali akuyenda m'minda ya anthu kufuna ganyu. Sindikukometsera, kulakwitsa kwa agogo tinakumva m'mimba tonse.

Munthu wina akanabzalanso mbande pamalopo n'kuiwala. Agogo ayi. Chaka chilichonse mvula ikatha ankalambula kachigawo kawo, kutseka makwawa amene madzi akumba, kutsegula ngalande. Zikhomo zitadyedwa ndi chiswe anasema zina za mtengo wolimba n'kuzikhoma m'mabowo omwewo, nsonga zake n'kuzipaka katondo kuti zifiire. Anthu anautcha msewu wa a Filimoni. Anyamata ankamenyerapo mpira wachikulunga, amayi ankayanikapo makaka ndi ufa, ndipo wa njinga akafika pamenepo ankakwera n'kupalasa katatu kanayi kenako n'kutsikanso. A Dayisoni akamadutsa sankalephera kufunsa kuti, "Alamu, lole ya lero yanyamuka nthawi yanji? Ndachedwa nayo?" Agogo ankayankha kuti yangochoka kumene, akathamanga aipeza pamtsinje.

Nyengo ya masankho ikafika kunkabwera anthu osiyanasiyana, atasiya magalimoto awo kumtsinje, n'kudzaima pa msewu wa agogo womwewo, poti ndi pokhapo panali posalala pochitira msonkhano. Onse ankalonjeza msewu. Agogo ankakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo, ndipo nthawi ya mafunso ankaimirira n'kunena kuti, "Ife kuno tinayamba kale, mwaimapo pamenepo. Zikhomo zilipo." Alendowo ankawaombera m'manja n'kuwatchula chitsanzo chabwino. Agogo aakazi, amene chaka chilichonse ankadandaula kuti malo abwinobwino oti n'kubzalapo nyemba akungokhala, ankang'ung'udza chapansipansi kuti chitsanzo sachiphika.

Tsiku lina, ndili wamkulupo, ndinawapeza akuzula udzu m'ngalande dzuwa lili pamutu, ndipo ndinawafunsa mosapsatira.

"Agogo, kodi simumva chisoni ndi mitengo ija?"

"Ndimamva, akazi anga aang'ono. Ndikamadutsa pano masana dzuwa limandiwotcha padazi, ndimakumbuka kuti pano panali mthunzi."

"Nanga bwanji osabzalanso?"

"Akadzabwera adzapeze kuti kuno sitinavute."

Anatero n'kupitiriza kuzula, ndipo ine ndinawathandiza mpaka ngalandeyo inatha, ngakhale kuti mumtima ndinali kumbali ya agogo aakazi.

Ndili Folomu 3, nditabwera kutchuthi pakati pa dzinja, agogo anadwala chibayo. Anakana kupita kuchipatala masiku awiri, ati ndi chimfine. Tsiku lachitatu kutacha ankapuma mobanika, milomo itauma, ndipo amuna a m'mudzi anabweretsa machila, aja a nsungwi ziwiri zolumikiza ndi matumba. Munthu wina anakwera pachulu pamene foni inkagwira, n'kuimbira galimoto kuti itidikire pamtsinje. Mvula inali itagwa usiku wonse ndipo inkawazabe. Pa kanjira kathu machila amanyamulidwa ndi anthu awiri okha, wina kutsogolo wina kumbuyo, ena n'kumatsatira kuti alandire anzawo akatopa. A Dayisoni, amene nawo anali atakalamba, anaumirira kupita nawo, atagwira ambulera pamwamba pa nkhope ya alamu awo.

Titangotsika pakhomo n'kulowa pa kachigawo kaja, amuna ena awiri anabwera m'mbali n'kugwira nawo, anayi onse n'kumayenda momasuka, machila osagwedezeka. Agogo anatsegula maso.

"Tafika pamsewu, eti?" anafunsa motsitsa.

"Tafika, alamu," anayankha a Dayisoni.

"Nanga mukuyenderanji ngati muli pamaliro? Pamsewu amathamanga."

Amunawo anaseka, ndipo anathamangadi, kakuthamanga kaulemu, a Dayisoni akutsimphina pambali ndi ambulera yawo, ine ndi amayi tili pambuyo ndi mtanga wa zofunda. Sizinatenge nthawi. Posakhalitsa tinafika pa chikhomo chomaliza, kanjira kanapanikizanso, awiri aja anasiya, ndipo tinayamba kutsika mwapang'onopang'ono pamiyala yoterera.

Tinafika pamtsinje dzuwa lisanafike pamutu, n'kupeza madzi adzaza, ofiira, akukokolola zitsa ndi mapesi. Galimoto inali tsidya lina, woyendetsa ataima pambali pake akutiyang'ana, ifenso tikumuyang'ana. Panalibe chochita. Tinawaika agogo pansi pa mtengo wa mkuyu n'kuwafunditsa, amayi atawagwira dzanja. Ndinakhala ndikuponya maso pa mwala wina wa pakati pa mtsinje, poti anthu anati ukaonekera ndiye kuti tiwoloka. Unaonekera chakumadzulo. Pamenepo agogo anali atatisiya kale, ndipo tinakwera nawo phiri pa machila omwewo.

Mwa mwambo, mkamwini akamwalira abale ake amatha kudzatenga thupi kuti akaike kwawo. Abale a agogo atafika kuchokera ku Mwanza, matope ali m'mawondo, anayamba kuitchula nkhaniyo mwaulemu. A Dayisoni sanadikire kuti amalize. Anati, "Munthu ameneyu anabzala kuno. Agona konkuno, pakati pa ife." Anaikidwa kumanda a mbumba yathu, ndipo a Dayisoni analira poyera, zimene sindinaziyembekezere kwa munthu amene anatha zaka zonsezo akuwaseka. Agogo aakazi, amene ankalakalaka nyemba pamalo paja, sanabzalepo kanthu. Mvula itatha ndinawapeza ndi khasu akutsegula ngalande, akutukwana chapansipansi, ndipo anachita zimenezo chaka chilichonse mpaka nawonso anapita.

Lero ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Zalewa. Ndikakhala m'kalasi ndimamva malole akudutsa pa tala kuyambira m'mawa mpaka ndiweruke, ndipo ana amene ndimaphunzitsa satembenuka n'komwe kuwayang'ana. Kumudzi zinthu zasinthako pang'ono. M'chilimwe njinga zamoto zimafika mpaka pakhomo, wokwera atagwira mtima m'manja, koma dzinja likafika mtsinje uja ndi womwe uja, ndipo manachesi amagulidwabe ali mumtengo.

Mwezi wathawu amayi anandiimbira foni ndili pa nthawi yopuma. Anati kunabweranso anthu oyeza, ndi makina awo ndi zikhomo zawo. Ulendo uno mzere wawo sunadutse pa msewu wa agogo. Auona kuti uli potsetsereka kwambiri, ndiye akweza mzerewo kumtunda kwa nyumba, ndipo apaka penti yofiira pa mitengo isanu mwa khumi ndi iwiri imene inatsala ija.

"Akuti makina abwera mvula ikatha. Ndiye ndimati ndikufunse, Esinati, tidule?" anatero amayi.

"Musakhudze ngakhale nthambi imodzi, amayi. Mudikire mpaka katapila aime pakhomo panu, mumuone ndi maso."

"Ndimadziwa kuti utero. Kungoti bambo anga akanakhalapo..."

"Ndikudziwa, amayi. Musadule."

Ndinawauza zoona, ndipo atandifunsanso mawa ndingawauze zomwezo. Koma nditaika foni m'chikwama ndinachita manyazi, ngati ndawanena agogo miseche iwo kulibe. Iwo analakwitsa chifukwa ankakhulupirira kuti munthu akakwera phiri lonse lija n'kukuuza kuti chinthu chichitika, ndiye kuti chichitika, ndipo iwe mbali yako uyenera kuichita. Ine kulakwitsa kotero sindingakuchite, chifukwa wobwera ndi zikhomo aliyense ndimamuyang'ana ngati wodutsa. Ndi chimene ndinatsala nacho pa nkhani yonseyi, ndipo sindinyadira nacho. Belu litalira ndinabwerera m'kalasi kukaphunzitsa ana za ubwino wogwira nawo ntchito zachitukuko m'dera lawo, monga mmene buku limanenera.

Amayi akuti mitengo isanu ija yabereka kwambiri chaka chino, mpaka nthambi zina aziikira mphanda, mitanda yofiira ili pathunthu.